Nthochi ya madola 6.2 miliyoni ija komanso zaluso zomwe mwiniwake amangolemba malangizo, ena nkumapanga

Mu November 2024 nkhani inawanda pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp yoti ku New York, pa okushoni ya kampani ya Sotheby's, munthu wagula nthochi imodzi yomatidwa pakhoma ndi tepi pa mtengo wa madola 6.2 miliyoni. Wogulayo ndi Justin Sun, mkulu wa bizinesi ya ndalama za pa intaneti zija amati crypto, ndipo patangopita masiku ochepa anaitana atolankhani ku Hong Kong nkudya nthochiyo iwo akuonerera. Ambiri anangoti anthu olemera ndalama zawazunguza mutu, ena nkumafunsa kuti nanga poti wadya nde kuti ndalama zake zalowa m'madzi? Funso limeneli ndi labwino kwambiri, ndipo yankho lake ndi loti ayi, chifukwa chomwe anagula si nthochi. Anagula satifiketi yochokera kwa Maurizio Cattelan, katswiri wa zaluso wa ku Italy yemwe anatulutsa ntchitoyi mu 2019 nkuitcha Comedian, pamodzi ndi malangizo ofotokoza momwe nthochiyo izimatidwira, kutalika kwake kuchokera pansi, komanso kuti ikayamba kuda azichotsa nkuikapo ina. Nthochi yake ndi iliyonse ya pamsika.

Zimenezi sizinayambe ndi Cattelan. Pali mtundu wa zaluso womwe wadutsa zaka 100 tsopano, momwe mwiniwake sagwira burashi kapena sompho, amangolemba zoti zichitike. Ndipo kunena zoona nthochiyi ndi chitsanzo chosakoma kwenikweni cha mtundu umenewu chifukwa wobwera kudzaona amangoima nkuyang'ana basi, pomwe zambiri zomwe ndikufuna kufotokoza pano zimafuna kuti iweyo woonerawe uikepo dzanja, ukapanda kutero palibe chomwe chilipo.

Kodi ndi chani kwenikweni

Pa zaluso zomwe tinazolowera, wojambula amajambula chithunzi, wosema amasema chiboliboli, chinthucho chikatha chatha, ife timabwera kudzaona kapena kugula. Pa zaluso za malangizo, chomwe katswiri amatulutsa ndi mawu, mwina mzere umodzi, mwina tsamba lathunthu, onena kuti tenga chakuti, chita chakuti. Wochita zimenezo ndi munthu wina, ndipo zitha kuchitidwa kambirimbiri m'malo osiyanasiyana, ulendo uliwonse nkutuluka mosiyanako.

Amene munaimbako kwaya kutchalitchi simungavutike kumvetsa. Wopeka nyimbo amalemba solofa papepala, mwina anamwalira kalekale, koma kwaya ya ku Nkhoma ikaimba ndi kwaya ya ku Mzuzu ikaimba, nyimbo ndi yomweyo ngakhale mawu ndi liwiro zikusiyana, ndipo palibe amati nyimboyo yatha poti yaimbidwa Lamulungu lapitali. Pepala la solofa si nyimbo, koma ndi lomwe limasunga nyimbo. Anthu omwe anakulitsa mtundu wa zalusowu ambiri anachokeradi ku zoimba, nde anangotenga kachitidwe ka oimbako nkukaika pa zinthu zooneka ndi maso komanso zochita ndi thupi.

Ndi bwino kusiyanitsa magulu awiri. Pali malangizo olembera amisiri kapena ogwira ntchito ku myuziyamu, oti apange chinthu chomwe anthu adzangochiona. Palinso malangizo olembera wina aliyense, mlendo wongolowa kumene, mwana, wodutsa pamsewu. Gulu lachiwirili ndi lomwe akatswiri amati ndi zaluso zotenga nawo mbali. Magulu awiriwa amalowana kwambiri koma mafunso omwe amadzutsa ndi osiyana.

Kumene zinachokera

Olemba mbiri ya zaluso amakonda kuyambira pa Marcel Duchamp wa ku France. Mu 1919 ali ku Buenos Aires, mlongo wake Suzanne anakwatiwa ku Paris ndi Jean Crotti, nde m'malo motumiza mphatso ya chinthu iye anatumiza malangizo, akuti mugule buku la masamu a geometry mulimangirire pakhonde kuti mphepo izitsegula masamba, mvula ndi dzuwa zizilionongera pomwepo. Anachitadi, bukulo linatha, chomwe chinatsala ndi chithunzi chojambulidwa ndi kamera komanso china chomwe Suzanne anapenta. Chaka chotsatira, 1920, Tristan Tzara wa gulu la Dada, gulu lomwe linabadwa ku Zurich mkati mwa nkhondo yoyamba ya dziko lonse chifukwa chonyansidwa ndi nkhondoyo, analemba njira yopekera ndakatulo: tenga nyuzipepala ndi sizasi, dula mawu amodziamodzi a m'nkhani ina, ika m'thumba, khutchumula, tulutsa limodzilimodzi nkumalemba momwe akutulukira. Ndakatulo yapezeka, ndipo wolemba ndi iweyo.

Komabe munthu yemwe anatsegula chitseko kwenikweni ndi John Cage, wopeka nyimbo wa ku America. Pa 29 August 1952 ku Woodstock m'chigawo cha New York, woimba piyano David Tudor anakhala pa piyano kwa mphindi 4 ndi masekondi 33 osagunda kalikonse, ankangotseka ndi kutsegula chivundikiro posonyeza zigawo zitatu za nyimboyo. Anthu ena anakwiya nkutuluka. Cage ankafuna kuti anthu amve phokoso lomwe linalipo kale, mphepo panja, madontho a mvula padenga, kunong'onezana kwa iwo eni omverawo. Nde kuti omvera ndi amene anadzaza nyimbo ija osadziwa.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 Cage ankaphunzitsa kalasi ya kupeka nyimbo pa New School for Social Research ku New York, ndipo ambiri mwa ophunzira ake sanali oimba nkomwe. Mmodzi anali Allan Kaprow, wojambula, yemwe mu 1959 anakonza 18 Happenings in 6 Parts pa Reuben Gallery. Alendo ankapatsidwa makhadi owauza chipinda chokhala ndi nthawi yosamukira chipinda china belu likalira. Apa ndi pomwe panatchukira mawu akuti happening, kutanthauza chochitika chokonzedwa ngati zaluso, chomwe sichili sewero lokhala ndi nkhani komanso sichisiya chinthu choti nkupachika. Wina anali George Brecht, yemwe ntchito yake yolembedwa inali ya ukatswiri wa mankhwala pa kampani ya Johnson & Johnson.

Makhadi a Brecht ndi gulu la Fluxus

Brecht anayamba kulemba timalangizo tatifupi pa timakhadi toyera, ndipo ankatitcha event score, kutanthauza pepala ngati la nyimbo koma lolembedwa zochita. Imodzi yotchuka ndi Drip Music, yomwe imangonena kuti pakhale pochokera madzi odontha ndi chiwiya chopanda kanthu, zikonzedwe moti madziwo azigwera m'chiwiyacho. Basi. Ena ankachita izi pa siteji atakwera pamakwerero nkumathira madzi pang'onopang'ono mu beseni, koma mpopi wodontha kukhitchini kwanu ukukwaniritsanso malangizowo ngati mwaima nkutchera khutu. Mu 1963 makhadi ake ambiri anawasonkhanitsa m'kabokosi kotchedwa Water Yam, kogulitsidwa motchipa.

La Monte Young, wopeka nyimbo wa ku America, mu 1960 analemba ina yonena kuti jambula mzere woongoka nkuutsatira. Taonani momwe mawu ochepawa anatulukira m'manja mwa munthu wina: mu 1962 ku Wiesbaden ku Germany, Nam June Paik wa ku Korea anaviika mutu wake m'mbale ya inki yosakaniza ndi madzi a tomato nkukwawa chafutambuyo akukhwekhwereza mutuwo pa pepala lalitali lomwe linayalidwa pansi. Mzere unajambulidwa ndithu. Young sanaganizepo za mutu kapena tomato, koma palibe angati Paik sanamvere malangizo.

Chikondwerero cha ku Wiesbaden chija, mu September 1962, ndi chomwe chimatengedwa ngati chiyambi cha Fluxus, gulu lotayirira la akatswiri a ku America, ku Ulaya ndi ku Japan lomwe ankalilumikiza ndi George Maciunas, wobadwira ku Lithuania. Maciunas ankadana ndi zoti zaluso zikhale katundu wa anthu olemera komanso zoti wazaluso azionedwa ngati munthu wapadera kuposa ena. Ankafuna zinthu zotchipa, zosavuta, zoti aliyense achite. Mmodzi mwa omwe analipo pachiyambipo ndi Benjamin Patterson, munthu wakuda wa ku America woimba chida chachikulu cha zingwe chija amati double bass, yemwe Paper Piece yake ya 1960 ndi nyimbo yopangidwa pong'amba, kufinya ndi kukhutchumula mapepala, ndipo mapepalawo ankafalikira mpaka kwa omvera omwe nawonso ankayamba kung'amba. Alison Knowles mu 1962 ku London anapereka malangizo a mawu ochepa kwambiri, akuti pangani saladi. Pa siteji anthu ankadula masamba, phokoso la mipeni ndi lomwe linali nyimbo, kenako omvera nkudya. Mu 2008 anabwereza ku myuziyamu ya Tate Modern ku London, masamba ankaponyedwa kuchokera pamwamba kugwera pa lona lalikulu nkumasakanizidwa ndi mareki kuti khamu la anthu lidye.

Ine yomwe imandigwira mtima ndi ya Mieko Shiomi wa ku Japan. Mu 1965, kulibe intaneti, anatumiza makalata pa positi kwa anthu m'maiko osiyanasiyana kuwapempha kuti alembe liwu limodzi pakakhadi, akasiye penapake, kenako amuuze liwulo ndi malowo. Mayankho onse anawaika pa mapu a dziko lonse ndi timbendera ting'onoting'ono. Anthu omwe sanaonanepo anapeka ndakatulo imodzi.

Sizasi m'manja mwa mlendo

Ambiri amamudziwa Yoko Ono ngati mkazi wa John Lennon, woimba wa gulu la Beatles, koma asanakumane ku London mu 1966 iye anali kale mmodzi mwa anthu ofunika kwambiri pa nkhani imeneyi. Mu 1961 pa AG Gallery ku New York anaika chidutswa cha nsalu yojambulapo pansi kuti anthu azipondapo, mapazi awo ndi amene ankajambula. Mu 1962 ku Sogetsu Art Center ku Tokyo anapachika malangizo okhaokha pakhoma popanda chithunzi chilichonse, woona azijambula yekha m'mutu. Mu 1964 anasindikiza buku la malangizo oterewa lotchedwa Grapefruit, makope 500.

Chaka chomwecho ku Kyoto anachita Cut Piece. Anavala zovala zake zabwino, nkugwada pa siteji, sizasi ili patsogolo pake, ndipo omvera anauzidwa kuti aliyense atha kubwera mmodzimmodzi kudula kachidutswa ka chovalacho nkutenga. Iye sankayankhula kapena kusuntha. Poyamba anthu ankachita manyazi, ankadula pang'ono m'mphepete nkubwerera mwachangu. Koma pamene nthawi imapita zinthu zinkasintha. Ku Kyoto bambo wina anakweza sizasi pamwamba pa mutu wake ngati akufuna kumubaya. Ku New York mu 1965, zomwe zinajambulidwa pa filimu, mnyamata wina anatenga nthawi yaitali akudula mpaka anadula zingwe za bra, Ono nkugwira ndi manja kuti isagwe.

Apa nde pakuonekera chomwe chimasiyanitsa zaluso zimenezi ndi chithunzi chapakhoma. Malangizo sananene kuti muvule, sananenenso kuti musamuvule. Anangopereka chilolezo, ndipo chomwe anthu anabwera kudzaonera chinakhala khalidwe la anzawo omwe anakhala nawo pampando. Wina amaonapo nkhanza zomwe amayi amakumana nazo, wina amaonapo kudzipereka, Ono mwiniwake ananenapo za kupatsa, kuti munthu atenge chomwe akufuna osati chomwe wazaluso wasankha kumupatsa. Analembanso kuti wokhala pa sitejiyo sayenera kukhala mkazi yekha, ndipo anthu ena ambiri, amuna ndi akazi, akhala akuichita. Iye anaibwereza ku Paris mu 2003 ali ndi zaka 70, ulendo uno ponena za mtendere, ndipo anapempha anthu kuti kachidutswako akatumize kwa munthu yemwe amamukonda.

Marina Abramović anakankhira nkhaniyi patali kwambiri ku Naples mu 1974 pa ntchito yotchedwa Rhythm 0. Anaika zinthu 72 patebulo, zina zokoma ngati duwa, nthenga, uchi ndi mafuta onunkhira, zina zoopsa ngati mpeni, lumo, mfuti ndi chipolopolo chimodzi. Chikwangwani chinati mutha kugwiritsa ntchito zinthuzi pa ine momwe mukufunira kwa maola 6, mlandu wonse ndi wanga. Maola oyamba anthu anali odekha. Kenako anamudulira zovala, wina anamucheka pakhosi, wina anaika chipolopolo mu mfuti nkumugwiritsa m'manja itamulozetsa yekha, mpaka anthu ena omwe analipo analowererapo ndipo panabuka mkangano pakati pa ofuna kumuteteza ndi ofuna kupitiriza. Maola 6 atakwana iye anayamba kuyenda, anthuwo anabalalika osafuna kukumana naye maso. Mpaka lero anthu amatsutsana ngati kunali koyenera kuika moyo pachiswe chonchi, ndipo mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo.

Ku Brazil zinali ndi fungo lina

Nkhaniyi ikamakambidwa ngati ya New York yokha timataya zambiri. Ku Rio de Janeiro, Lygia Clark mu 1960 anayamba kupanga Bichos, tizitsulo tolumikizidwa ndi mahinjesi toti munthu azipinda nkusintha maonekedwe ake. Mu 1963 anachotsanso chinthucho nkusiya malangizo okha, pa ntchito yotchedwa Caminhando. Iyi mutha kuyesa pompano: dulani kapepala katali kopyapyala, potozani mbali imodzi kamodzi, matani nsonga ziwirizo kuti kakhale ngati lamba, kenako bowolani ndi sizasi nkumadula motsatira utali wake. Mukafika pomwe munayambira musadutse pomwepo, sankhani kumanja kapena kumanzere nkupitiriza, mpaka pepalalo lichepe moti simungadulenso. Clark ankati zidutswa zotsalazo zilibe ntchito, zalusozo ndi kudulako, nthawi yomwe mukusankha kolowera.

Mnzake Hélio Oiticica ankapita ku Mangueira, dera la anthu osauka lotchuka ndi gule wa samba, ndipo mu 1964 anayamba kusoka Parangolé, zofunda za nsalu ndi mapulasitiki za mitundu yowala zomwe zimaoneka bwino pokhapokha munthu atavala nkumavina. Mu 1965 anabwera ndi ovina a ku Mangueira ku myuziyamu ya zaluso zamakono ya ku Rio, akuluakulu anawakaniza kulowa, iwo nkukavinira panja. Kumbukirani kuti asilikali anali atalanda boma mu 1964 ndipo analamulira mpaka 1985, nde funso loti ndani akuloledwa kulowa ndi kutenga nawo mbali silinali la zaluso zokha.

Cildo Meireles anagwiritsa ntchito malangizo ngati njira yozembera oletsa nkhani. Mu 1970 ankatenga mabotolo a Coca-Cola obweza ku fakitale nkulembapo mauthenga a ndale ndi zilembo zoyera zomwe sizinkaoneka bwino botolo likakhala lopanda kanthu, koma likadzazidwanso zimaonekera poyera. Pabotolopo ankalembaponso kuti wina aliyense atha kuchita zomwezo, kulemba maganizo ake nkubweza botolo kuti lizizungulira. Mtolankhani Vladimir Herzog ataphedwa m'manja mwa asilikali mu 1975, boma nkunama kuti wadzipha, Meireles ankadinda pa ndalama zapepala funso loti ndani wapha Herzog. Ndalama palibe amataya, nde funsolo linayenda dzanja ndi dzanja.

Nanga amagulitsa bwanji chinthu chomwe kulibe

Tibwerere ku funso la ndalama. Munthu yemwe anaika dongosolo lomveka bwino ndi Sol LeWitt wa ku America. Mu 1967 analemba kuti ganizo ndi lomwe limakhala makina opangira zaluso, ndipo iyi ndi mfundo yaikulu ya zomwe amati conceptual art, zaluso zomwe chofunika ndi ganizo osati luso la dzanja. Kuyambira 1968 anayamba zojambula zapakhoma zomwe ankazipatsa manambala, ndipo pofika imfa yake mu 2007 zinali zoposa 1,200. Nambala 118 ya mu 1971 imati pakhoma ikani madontho 50 ndi pensulo yolimba, mwachisawawa koma ofalikira khoma lonse, kenako dontho lililonse mulilumikize ndi linzake lililonse ndi mzere woongoka. Mukawerengera ndi mizere 1,225. Khoma lililonse limatuluka mosiyana chifukwa wojambulayo ndi amene amasankha poika madontho.

Wogula amalandira satifiketi yosainidwa ndi pepala la malangizo. Chionetsero chikatha khomalo amalipenta, chojambula chija nkufufutika, koma ntchitoyo sinatayike poti ili m'satifiketi. Inu mutha kujambula 118 kuchipinda kwanu, kungoti simungaigulitse ngati ya LeWitt. Ku myuziyamu ya MASS MoCA ku North Adams m'chigawo cha Massachusetts, zojambula zake 105 zinatsegulidwa mu 2008 iye atamwalira kale, zonse zojambulidwa ndi gulu la akatswiri ndi ophunzira. Lawrence Weiner mu 1968 anafika ponena kuti ntchito itha kupangidwa ndi mwiniwake, itha kupangidwa ndi wina, kapena osapangidwa nkomwe, zonsezi nzofanana kwa iye, wolandirayo ndi amene asankhe.

Pamene njira ya satifiketiyi inakumana ndi kutenga nawo mbali kwa anthu mogwira mtima ndi pa ntchito ya Felix Gonzalez-Torres, wobadwira ku Cuba. Mu 1991 wokondedwa wake Ross Laycock anamwalira ndi matenda a Edzi. Chaka chomwecho iye anatulutsa "Untitled" (Portrait of Ross in L.A.), mulu wa maswiti okutidwa m'mapepala owala wothiridwa pakona ya chipinda, wolemera mapaundi 175, omwe ndi pafupifupi makilogalamu 79, ndipo ambiri amati uku ndi kulemera kwa thupi la Ross ali bwino. Mlendo aliyense amaloledwa kutenga switi. Mulu umachepa tsiku ndi tsiku, kenako a myuziyamu amathiramo ena. Amene anadwazikapo m'bale wake zaka zija mankhwala a ma ARV asanafike, nkumaona thupi likutha pamaso pake, safunika kuuzidwa zambiri kuti amve chomwe chikuchitika apa. Iwe wotenga switi ndiwe ukuchepetsa thupilo, komanso ndiwe ukulinyamula kupita nalo kwanu. Gonzalez-Torres nayenso anamwalira ndi matenda omwewo mu 1996, ndipo mulu uja umaonetsedwa ku Art Institute of Chicago.

Kuchokera pa positi kufika pa foni

Mu 1993 ku Paris, wokonza zionetsero Hans Ulrich Obrist akucheza ndi akatswiri awiri, Christian Boltanski ndi Bertrand Lavier, anaganiza za chionetsero chomwe sichingathe. Anachitcha do it. Akatswiri amalemba malangizo, malangizowo amatumizidwa kumzinda uliwonse womwe ukufuna, anthu akumeneko amapanga ndi zinthu zomwe ali nazo, ndipo chionetsero chikatha zopangidwazo zimaphwasulidwa kuti zisasanduke katundu wogulitsa. Choyamba chinachitika ku Klagenfurt ku Austria mu 1994 ndipo chayenda m'maiko ambirimbiri. Ubwino wake ndi woonekeratu, palibe kulipira ndege yonyamula zithunzi kapena inshuwalansi, tauni yaing'ono itha kukhala ndi chionetsero cha akatswiri otchuka.

Intaneti itabwera zinangophweka. Kuyambira 2002 mpaka 2009 Miranda July ndi Harrell Fletcher anayendetsa Learning to Love You More, momwe ankapereka ntchito 70 ngati za kusukulu, monga jambula kunsi kwa bedi lako ndi fulashi ya kamera, kapena jambula makolo ako akupsompsonana, ndipo anthu oposa 8,000 anatumiza zomwe anachita. Mu 2010 myuziyamu ya SFMOMA ku San Francisco inatenga ntchito yonseyo kuti isungidwe. Nthawi ya Covid mu 2020, nyumba zoonetsera zaluso zitatsekedwa, mtundu umenewu unadzukanso mwamphamvu poti sunkafuna kuti anthu asonkhane. Getty Museum ya ku Los Angeles inapempha anthu kuti atsanzire zithunzi zakale ndi zinthu za m'nyumba mwawo, ndipo do it inatulutsa malangizo ochitira pakhomo.

Kwathu kuno nkhaniyi si yachilendo kotheratu. Samson Kambalu, yemwe chiboliboli chake cha John Chilembwe chinaikidwa ku Trafalgar Square ku London mu 2022, anayambira pa zoterezi. Mu 2000 ku Chancellor College ku Zomba anaonetsa Holy Ball, mipira yamiyendo yomatidwa masamba a Baibulo, nkuitana anthu kuti asewere nayo. Kumenya kapena kukana kumenya, zonsezo zinali mbali ya ntchitoyo, chifukwa aliyense ankayenera kusankha yekha pamaso pa anzake. Pambuyo pake anadzilembera malamulo a timafilimu take tomwe amatitcha Nyau Cinema, limodzi mwa malamulowo ndi loti kafilimu kasapitirire mphindi imodzi.

Zomwe anthu amatsutsana mpaka pano

Mkangano woyamba ndi womwe aliyense amayamba nawo, woti luso lili pati ngati mwana wa pulayimale atha kuchita. Otsutsa amati izi zanyozetsa anthu omwe atha zaka akuphunzira kujambula ndi kusema, ndipo zatsegulira khomo anthu ongodziwa kuyankhula. Oikira kumbuyo amati luso lilipo koma lasamukira pa kulemba, kupeza mawu ochepa oti akhale omasuka mokwanira kuti munthu aikepo zake koma olimba mokwanira kuti ntchitoyo izizindikirika, ndipo amati zoti mwana atha kuchita ndi zomwe Fluxus inkafuna kuyambira pachiyambi.

Wachiwiri ndi wa thukuta ndi dzina. Ngati anthu mazana ndi amene apanga, bwanji dzina ndi ndalama zikupita kwa mmodzi? LeWitt ankaonetsetsa kuti maina a ojambula pakhoma alembedwe, koma si onse amatero. Santiago Sierra wa ku Spain anaika nkhani imeneyi poyera mwankhanza dala: mu 2000 ku Salamanca analipira amayi anayi ogulitsa thupi omwe ankagwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo kuti awadinde mzere umodzi wa tatuu kumsana kwawo, malipiro ake ofanana ndi mtengo wa heroin wobaya kamodzi. Ena amati anaulula momwe umphawi umagulitsira anthu, ena amati iye mwini ndi amene anawagula.

Wachitatu ndi wa akatswiri olemba za zaluso. Mu 1992 Rirkrit Tiravanija anasandutsa 303 Gallery ku New York kukhala khitchini nkumagawa mpunga ndi ndiwo za ku Thailand kwaulere, ndipo Nicolas Bourriaud wa ku France mu 1998 analemba kuti ntchito ngati zimenezi phindu lake ndi ubale womwe umabadwa pakati pa anthu. Claire Bishop wa ku Britain anayankha mu 2004 kuti tifunse kaye kuti ndi ubale wa ndani ndi ndani, poti odya mpungawo ambiri anali anthu a m'gulu lomwelo la zaluso odziwana kale, ndipo anati kusonkhanitsa anthu kuti asangalale sikutanthauza kuti ntchitoyo ndi yabwino kapena kuti yasintha kalikonse.

Womaliza ndi wa ma myuziyamu enieniwo. Zinthu zomwe zinapangidwa kuti zithawe msika zinathera mumsika momwemo. Pepala lomwe Paik anakhwekhwerezapo mutu likusungidwa ku myuziyamu ya Wiesbaden, makhadi otchipa a Fluxus ali m'magalasi ku MoMA ku New York, ndipo ma Bichos a Lygia Clark omwe anapangidwira kugwidwa tsopano ndi odula kwambiri moti kawirikawiri alendo amapatsidwa ofanizira kuti ndi omwe azigwira. Tino Sehgal, yemwe amakhala ku Berlin, anayesa kutseka mpata umenewu pokana ngakhale pepala lenilenilo. Ntchito zake ndi anthu ophunzitsidwa omwe amayankhula, kuimba kapena kuvina ndi alendo, salola kujambula zithunzi, ndipo pogulitsa palibe satifiketi kapena lisiti, malangizo amanenedwa pakamwa pamaso pa loya ndi mboni. MoMA inagula ntchito yake yotchedwa Kiss mwanjira imeneyi mu 2008, ndipo kuti ionetsedwenso pamafunika iye mwini kapena munthu yemwe anamuphunzitsa abwere kudzaphunzitsa ovina atsopano.